Hysteresis: chinthu chikapanda kubwerera pomwe chinali

Tengani msomali wachitsulo, muukulunge ndi waya wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo wayayo mumulumikize ku batire la tochi. Msomali uyamba kukoka timapini. Tsopano chotsani batire lija. Ophunzira ambiri amayembekeza kuti timapini tonse tigwa nthawi yomweyo, koma tina timakanirirabe. Magetsi achoka, koma mphamvu ina ya maginito yatsalira m'chitsulo, ndipo kuti ithe mungafunike kuuotcha msomaliwo pamoto.

Khalidweli limatchedwa hysteresis. Dzinali analipereka katswiri wa ku Scotland, James Alfred Ewing, m'zaka za m'ma 1880, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kutsalira m'mbuyo. Mfundo yake ndi iyi: mmene chinthu chilili lero sizidalira zimene zikuchichitikira lero zokha, komanso zimene chadutsamo.

Anthu nawo amatero. Ku Cape Town mvula inavuta zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2015 mpaka 2017, ndipo Theewaterskloof, damu lalikulu pa madamu opereka madzi mumzindawu, linaphwa mpaka mchenga kuonekera. Khonsolo ya mzinda, yomwe likulu lake lili ku Civic Centre pakati pa tauni, inalengeza za tsiku lotchedwa Day Zero: madzi m'madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti, mipope yambiri itsekedwa ndipo anthu azikaima pamzere kulandira malita 25 patsiku. Kuyambira pa 1 February 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Anthu ankasamba ataima m'beseni, madzi omwewo n'kukathira m'chimbudzi. Mahotela ena anachotsa zotsekera mabafa kuti alendo asadzazemo madzi. Mzinda umene unkagwiritsa ntchito malita pafupifupi 1,200 miliyoni patsiku m'nyengo yotentha ya 2015 unatsika kufika cha m'ma 500 miliyoni.

Tsikulo silinafike. Mvula inagwa, malamulo anafewetsedwa, ndipo mu October 2020 madamu anadzaza. Kodi anthu anabwerera ku malita akale aja? Ayi ndithu. Kwa zaka zingapo mzindawu unkagwiritsa ntchito madzi ochepa kuposa chilala chisanadze. Amene anagula thanki yosungira madzi a mvula sanaigwetse, wokumba chitsime sanachikwirire, mapaipi odontha anali atakonzedwa, ndipo khonsolo inali itachepetsa mphamvu yothamangira madzi m'mipope. Chizolowezi chosamba mofulumira nachonso sichitha tsiku limodzi. Chiwerengerocho chinadzakwera pang'onopang'ono, koma njira yokwerera sinali yomwe anatsikira.

M'sayansi ya makemikolo muli chitsanzo cha agar, ufa wochokera ku zomera za m'nyanja womwe amakulitsirapo tizilombo m'labu. Agar wolimba amasungunuka pa madigiri pafupifupi 85, koma saumanso kufikira atazizira pansi pa madigiri 40. Choncho pa madigiri 60 akhoza kukhala wamadzi kapena wolimba, kutengera kumene akuchokera. Nyanja yosazama imene yabiriwira ndi ndere chifukwa cha feteleza ndi zonyansa siyera msanga ngakhale mutaletsa kutayiramo, pakuti matope apansi amakhala atasunga chakudya cha nderezo. Pa zachuma, Olivier Blanchard ndi Lawrence Summers analemba mu 1986 kuti ulova wa ku Ulaya unkakanirira ngakhale chuma chitayambanso kuyenda. Munthu akakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, luso limazilala ndipo olemba ntchito amamukayikira.

Chenjerani pophunzitsa, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timasokoneza: hysteresis si kuchedwa chabe. Tiyi akachedwa kuzizira, mapeto ake amazizirabe. Msomali uja mutausiya sabata yonse, muupeza ukukokabe pini.

Ntchito

Mangirirani kachitini ku mphira ya legeni. Ikanimo miyala yofanana kukula umodziumodzi, mukuyeza kutalika kwa mphira ndi rula. Kenaka chotsani miyalayo umodziumodzi, mukuyezanso. Uzani ophunzira ayerekeze kutalika kwa mphira pa miyala itatu poika ndi pa miyala itatu pochotsa, ndipo afotokoze m'magulu chimene aona.