Khutu la John Peel, bambo amene analera magulu oimba osadziwika

Usiku wina mu 1983, muulutsi wa pa BBC Radio 1 anadandaula pa wailesi kuti njala yamupweteka ndipo akulakalaka mpunga wa biryani wophikira bowa. Mnyamata wina wa ku Barking, kum'mawa kwa London, amene ankaimba yekha ndi gitala yamagetsi koma osadziwika kulikonse, anamva dandaulolo. Anathamangira kokagula mpungawo n'kupita nawo ku BBC, atapanira chimbale chake choyamba m'khwapa. Posakhalitsa nyimbo yake inamveka m'dziko lonse la Britain, ngakhale kuti muulutsiyo anazunguza chimbalecho pa liwiro lolakwika, mawu n'kumatuluka mokoka. Mnyamatayo anali Billy Bragg. Muulutsiyo anali John Peel, ndipo pambuyo pake ananena kuti nyimboyo akanaiulutsa ndithu ngakhale pakanapanda mpunga.

Dzina lake lenileni linali John Ravenscroft. Anabadwa pa 30 Ogasiti 1939 ku Heswall, pafupi ndi Liverpool, ndipo timu ya mpira ya Liverpool ankaikonda mpaka ana ake anawapatsa mayina apakati okhudza timuyo akuti Anfield, Dalglish ndi Shankly. Ntchito ya pa wailesi anaiyambira ku America, m'mizinda ya Dallas, Oklahoma City ndi San Bernardino. Atabwerera kwawo mu 1967, analowa Radio London, wailesi yopanda chilolezo imene inkaulutsa mawu kuchokera m'sitima ya panyanja. Boma litaletsa mawailesi otere chaka chomwecho, anasamukira ku Radio 1 imene BBC inali itangotsegula kumene, ndipo anakhalako zaka 37.

Zaka zonsezo, Peel sanadzitenge ngati katswiri wophunzitsa anthu nyimbo. Ankalankhula motsitsa, mopanda phokoso la aulutsi a masana, ngati munthu amene wagula chimbale masana ndipo sangagone asanamvetseko mnzake.

Mtima umenewu unakumana ndi nyengo yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene achinyamata a ku Britain anatopa ndi kudikira makampani akuluakulu a nyimbo kuti awaone. Mu Januwale 1977 gulu la Buzzcocks la ku Manchester linakongola ndalama pafupifupi mapaundi 500 kwa abale ndi anzawo, n'kutulutsa lokha kachimbale ka nyimbo zinayi kotchedwa Spiral Scratch. Ena ataona kuti n'zotheka, timakampani ting'onoting'ono tinamera paliponse: Rough Trade ku London, Factory ku Manchester, Good Vibrations ku Belfast. Pofika 1980 kunayamba kutuluka mndandanda wapadera wa zimbale zogulitsidwa kwambiri za timakampani todziimira patokhati, ndipo nyimbo za magitala zochokera kumeneko n'zimene zinadzatchuka ndi dzina lakuti indie.

Kudinda chimbale kunali kotheka, koma vuto linali lakuti achimve ndani. Masana wailesi inali ya oimba otchuka kale. Khomo lotseguka linali pulogalamu ya Peel, imene kwa zaka zambiri inkayamba 10 koloko usiku mpaka pakati pa usiku. Makaseti ndi zimbale zinkabwera m'matumba a positi, zina zitalembedwa pamanja, zina zitajambulidwa m'chipinda chogona. Iye ankazimvera kunyumba ndi m'galimoto, kuzipeta ngati mayi wopeta mpunga pa lichero, osataya kanthu asanakayang'ane. Ikamugwira mtima nyimbo, ankaiulutsa n'kuwerenganso keyala ya oimbawo kuti ofuna chimbale alembe kalata. M'nyumba zambiri achinyamata ankamvera ali pabedi, chala chili pa batani la kaseti, kuopa kuti nyimbo imene yangodutsayo mwina sadzaimvanso kwina.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya The Undertones, anyamata asanu a ku Derry, ku Northern Ireland, mzinda umene panthawiyo unali pakati pa zipolowe ndi asilikali m'misewu. Mu 1978 Terri Hooley, mwini sitolo ya zimbale ku Belfast, anawatulutsira nyimbo ya Teenage Kicks pa Good Vibrations. Peel ataimva anaiulutsa, itatha n'kuibwezanso pomwepo, chinthu chimene aulutsi a BBC sankachita. Anali ndi chizolowezi chopatsa nyimbo nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, koma iyi anaipatsa 28. Seymour Stein, mkulu wa Sire Records ya ku America, anaimva ali ku London ndipo anasainirana mgwirizano ndi anyamatawo. Kwa Peel nyimboyi inakhala yapamtima moyo wake wonse, moti mzere wake umodzi unalembedwa pa mwala wa manda ake.

Chuma chachikulu chimene anasiya chinabadwa chifukwa cha lamulo. Bungwe la oimba la Musicians' Union pamodzi ndi eni zimbale anagwirizana ndi BBC kuti maola oulutsa zimbale akhale ochepa, n'cholinga choti oimba azipeza ntchito yoimba pa wailesi. Aulutsi ena ankaona lamuloli ngati chopinga, koma Peel ndi John Walters, amene ankakonza pulogalamuyo, analisandutsa mwayi. Ankaitana gulu ku situdiyo za BBC, kawirikawiri ku Maida Vale, kuti lijambule nyimbo zinayi tsiku limodzi. Panalibe nthawi yokometsera kapena kubisa zolakwika. Chimene gulu linali nacho n'chimene chinkamveka, ndipo n'chifukwa chake okonda magulu ambiri amalimbikira kuti zojambula za kwa Peel zimaposa za pa chimbale chenicheni. Zojambula zoterezi, zotchedwa Peel Sessions, zinapitirira 4,000, za oimba oposa 2,000, ndipo kuyambira 1986 kampani ya Strange Fruit inayamba kuzitulutsa pa zimbale.

Palibe gulu limene linalowa m'situdiyomo kuposa The Fall ya Mark E. Smith, yochokera ku Prestwich kufupi ndi Manchester. Linajambula maulendo 24 pakati pa 1978 ndi 2004. Smith anali munthu wovuta, wochotsa anzake m'gulu mosachedwa, moti oimba oposa 60 anadutsamo. Ankaimba ngati akukalipa, magitala akubwereza kamzere kamodzi mpaka kalowe m'mafupa. Gululo linatulutsa zimbale zoposa 30 popanda kukhala la anthu onse, koma Peel ankadikira chimbale chilichonse ndi mtima wa mwana, n'kumanena kuti The Fall imasintha nthawi zonse koma imakhalabe yomweyo. Chodabwitsa n'chakuti awiriwa sanali pa ubwenzi wapafupi ndipo ankakumana mwa apo ndi apo. Peel ankakonda nyimbozo, sankafuna malo pambali pa woimba.

Kuleza mtima kwake kumaoneka bwino pa nkhani ya Pulp. Mu 1981 woimba wa gululi Jarvis Cocker, mnyamata wa ku Sheffield amene anali asanasiyane ndi sukulu, anamupatsa kaseti pamanja Peel atabwera kudzaika nyimbo mumzindawo. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho gululo linali m'situdiyo ya BBC. Kutchuka kunachedwa zaka 14. Mu 1995 Pulp inatulutsa Common People ndipo inakhala gulu lalikulu la usiku pa chikondwerero cha Glastonbury, kulowa m'malo mwa The Stone Roses. Magulu enanso ambiri anadutsa m'situdiyomo: Joy Division inajambula kwa Peel kawiri mu 1979, The Smiths mu 1983, Nirvana mu 1989 dziko lisanamve za chimbale cha Nevermind, PJ Harvey mu 1991, ndipo The White Stripes mu 2001.

Khutu lakelo linafikanso kum'mwera kwa Africa. Mu 1986 kampani yaing'ono ya Discafrique inatulutsa ku Britain chimbale cha Shabini cha Bhundu Boys a ku Harare, gulu la Biggie Tembo ndi Rise Kagona loimba chamba cha jit. Peel ndi muulutsi mnzake Andy Kershaw anachiulutsa mosatopa, pakati pa nyimbo za magulu a ku Manchester ndi Glasgow, ndipo Kershaw anasimba kuti Peel anagwetsa misozi atawaona koyamba akuimba pamaso. Anyamatawo anazungulira Britain m'timaholo ndi m'makoleji mmene munkaimbanso magulu a indie, ndipo mu 1987 anatsegulira Madonna masiku atatu pa Wembley Stadium. Atasaina ndi kampani yaikulu ya WEA, chimbale cha True Jit chinatuluka chosalala kwambiri, ndipo ambiri amene anawakonda poyamba anadandaula kuti ukali wa magitala aja wazilala. Gulu lina la ku Zimbabwe, Four Brothers, linamulowa mtima kwambiri moti linaimba pa phwando lake lokwanitsa zaka 50 mu 1989.

Apa m'pamene ankasiyana ndi omvera ake ena. Kuyambira 1976, kumapeto kwa chaka omvera ankasankha nyimbo 50 zapamwamba pa mndandanda wotchedwa Festive Fifty, ndipo zaka zambiri munkadzaza The Smiths, The Fall, New Order ndi The Wedding Present. Peel ankadandaula poyera kuti mwachuluka anyamata achizungu a magitala pamene iye chaka chonse waulutsa reggae, hip hop, techno ndi nyimbo za ku Congo. Atayamba kuulutsa reggae m'zaka za m'ma 1970 analandira makalata achipongwe kuchokera kwa anthu atsankho, koma sanasiye.

Atakula, anasamutsira mbali ina ya pulogalamuyo kunyumba kwake ku Great Finborough m'chigawo cha Suffolk, imene ankaitchula kuti Peel Acres. Magulu ankabwera n'kuimba m'nyumbamo, mawu akupita mwachindunji pa wailesi, banja ndi alendo atakhala pomwepo. Makoma anali odzaza ndi zimbale zazikulu zoposa 25,000 ndi zazing'ono pafupifupi 40,000, ndipo zazikuluzo anazilembera makadi pa taipilaita. Atamwalira, banja linapeza kabokosi kamatabwa momwe anapatulamo tizimbale 142 timene ankatikonda koposa.

Mbiri yake ili ndi banga limene silingabisike. Mu 1965 ku Texas anakwatira mtsikana wa zaka 15 iye ali bambo wa zaka za m'ma 20, ukwati umene unatha mu 1973, ndipo zimene ankanena m'manyuzipepala zokhudza atsikana aang'ono a nthawi imeneyo zakhumudwitsa anthu ambiri. Nsanja ya magulu atsopano ku Glastonbury inatchedwa dzina lake mu 2005, koma mu 2022 anthu ena anapempha kuti dzinalo lichotsedwe. Mu 2023 inasintha n'kukhala Woodsies, ngakhale okonza chikondwererocho ananena kuti sanasinthe chifukwa cha pempholo. Amene amalemekeza ntchito yake ayenera kuidziwa mbali imeneyinso.

Peel anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 25 Okutobala 2004 ku Cusco, m'dziko la Peru, ali ndi zaka 65. Miyezi iwiri m'mbuyomo anali ataulutsa zojambula zomaliza za The Fall, ndipo makaseti ndi ma CD a oimba osadziwika anali akubwerabe. Pa maliro ake ku Bury St Edmunds panasonkhana anthu oposa 1,000, oimba otchuka atasakanikirana ndi omvera wamba amene sanaonanepo naye.

Wofuna kumva chimene khutu limeneli linkamva asavutike kufunafuna. Ayambe ndi Hatful of Hollow, chimbale cha The Smiths cha 1984 chimene chili ndi nyimbo zambiri zojambulidwa kwa Peel, atsatize ndi Shabini ya Bhundu Boys. Akalimba mtima, atenge bokosi la ma CD 6 la The Fall lotchedwa The Complete Peel Sessions 1978–2004, limene linatuluka mu 2005 ndipo muli zojambula zonse 24.