Tabuleti ndi botolo la mchenga m'sukulu za kuchigwa

Mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amakumana ndi phunziro la sayansi akafika Sitandade 5, ndipo limamupeza m'Chingerezi, pomwe kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja. Njira zomuthandizira zimene aphunzitsi amakonda kukambirana ndi ziwiri, ina yakale, ina yobwera dzulodzuloli.

Yakaleyo ndi TALULAR, imene aliyense wodutsa ku koleji ya uphunzitsi anaimva mpaka makutu kuwawa: phunzitsa ndi zimene zili pafupi nawe. Yatsopanoyo ndi matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, imene boma linayamba mu 2023 mogwirizana ndi Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, n'cholinga choti ifike m'sukulu zonse zapulayimale za boma. Amachajidwa ndi sola, ndipo ndi a ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Tabuleti sitopa, sikalipa, sikondera mwana wa kutsogolo. M'kalasi la ana osefukira mpaka pakhomo, wamanyazi uja wakumbuyo amapeza womudikira kufikira atamvetsa. Koma zimene ili nazo ndi kuwerenga ndi masamu, osati sayansi. Ntchito yake ndi yoti mwana akafike Sitandade 5 akudziwa kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo imeneyi si ntchito yochepa, pakuti wosadziwa kuwerenga buku la sayansi amangolisenza.

TALULAR ndiye imalowa m'sayansi mwenimwenimo, ndipo kuchigwa kuno zipangizo zake zili mbwee. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa imatulutsa madzi amchere. Mwana athire madzi amenewo m'mbale, aike padzuwa la mu Okutobala lija lopitirira madigiri 40, mawa lake aone zoyera zotsalira pansi, kenako afunsidwe kuti madzi apita kuti. Ena mwa anawa agogo awo ankatcheza mchere kuchokera m'dothi, choncho phunziro la kusefa ndi kuphwetsa madzi linayambira pakhomo kalekale. Botolo lodula pakati, mchenga, makala ndi kansalu zimayeretsa madzi amatope a mu Shire ana akuona, ndipo mphunzitsi wanzeru amawonjezera kuti kuyera sikutanthauza kuti tizilombo ta kolera tachoka. Mwana akasochera, mphunzitsi angathe kubwereza m'Chisena, chinthu chimene tabuleti yoyankhula Chichewa singachite.

Vuto la TALULAR n'lakuti zonse zimatsamira pa munthu mmodzi. Mphunzitsi akakhala wotopa, kapena mayeso a MANEB akayandikira, botolo lija limabwerera pakona, ana n'kuyambanso kukopera manotsi. Palinso TALULAR ina ya chionetsero, yopachikidwa pakhoma sabata imene mlangizi wa maphunziro (PEA) akubwera, mwana osaikhudza n'komwe. Ndipo si zonse zotoleka kutchire. Maginito ndi choyezera kutentha zimafuna ndalama basi.

Madzi osefukira amaziyesa njira ziwirizi mosiyana. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasandutsa makalasi ambiri a m'maboma awiriwa kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Tabuleti imafuna chipinda chouma, loko wolimba ndi wokonza ikawonongeka. Botolo likapita ndi madzi, mwana amatola lina pamsika wa Bangula kapena wa Ngabu.

Ine ndikanafunsidwa chosankha pa sayansi yeniyeni, ndikanaloza botolo, koma mtima uli m'mwamba chifukwa palibe amene amayika ndalama pa mphunzitsi woligwiritsa ntchito monga amachitira ndi zida zonyezimira. Chondidabwitsa n'chakuti njira ziwirizi zimatha kukhala pasukulu imodzi osaonana. Kumene matabuleti afika kwafikanso sola, mabatire ndi mawaya, zinthu zimene ana a makalasi akuluakulu amangoziona zojambulidwa pa bolodi. Anawa akukhala m'dera limene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ahedi atalola mphunzitsi wa sayansi kulowa nawo m'chipinda chochajira, anawo akanalondola waya ndi chala kuchokera pa sola kukafika pa batire, n'kufunsa chifukwa chake chaji imachedwa kudzadza tsiku la mitambo.