Gulu lopanda wapampando: makiyi a bokosi asunge ndani?

Amene munaonapo banki m'khonde mukulidziwa bokosi la maloko atatu lija. Makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa munthu wachinayi, ndipo silitsegulidwa pokhapokha gulu litasonkhana. Pa intaneti pali magulu amene akuyesa kuchita zofananazo, ngakhale mamembala ake ali m'mayiko osiyanasiyana ndipo ambiri sanaonanepo. Magulu otere amatchedwa DAO. Ndalama ndi malamulo awo zimalembedwa pa blockchain, kaundula amene amasungidwa m'makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, moti munthu mmodzi sangafufute zimene zalembedwamo.

Gulu lotere likamayamba limayenera kusankha pulogalamu yoyendetsera mavoti ndi thumba lake. Ambiri amaisiyira akatswiri a makompyuta ntchito imeneyi. Ine ndikuona kuti n'kulakwitsa, chifukwa pulogalamuyo ndi imene imagamula amene mawu ake azimveka ndi amene azitsegula bokosi.

Tiyambe ndi Snapshot, imene magulu ambiri amagwiritsa ntchito. Kuvota kumeneko n'kwaulere chifukwa mavoti salembedwa pa blockchain. Koma zotsatira zake pazokha sizitulutsa ndalama. Pamafunikabe anthu ochepa osunga makiyi, kawirikawiri kudzera pa pulogalamu ya Safe, pomwe gulu lingagwirizane kuti atatu mwa anthu asanu azisainira ndalama zisanatuluke. Ndi bokosi la maloko lomwe lija. Asanuwo akagwirizana zonyalanyaza voti, gulu lilibe pogwira.

Njira ina ndi ya mapulogalamu monga Aragon, pomwe voti imalembedwa pa blockchain penipeni. Ganizo likadutsa, kapulogalamu kotchedwa smart contract kamatulutsa ndalama kokha, osadikira msungichuma. Vuto lake ndi mtengo. Chilichonse cholembedwa pa Ethereum chimalipiridwa ndalama yotchedwa gas, imene imakwera anthu akachuluka. Mu November 2021, gulu la ConstitutionDAO linasonkha madola pafupifupi 47 miliyoni kuti ligule kope lakale la malamulo a dziko la America pamsika wa Sotheby's. Linagonja kwa mpondamatiki Ken Griffin, amene analipira madola 43.2 miliyoni. Itakwana nthawi yobweza ndalama, amene anasonkha zochepa anapeza kuti gas wadya gawo lalikulu la ndalama zawo. Ngati kuvota kukudula chonchi, wosauka amangokhala chete. N'chifukwa chake magulu ena amathawira ku Polygon kapena Arbitrum, kumene gas ndi wotsika mtengo.

Koma funso limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la kawerengedwe ka mavoti. Kubanki m'khonde, mayi wa masheya asanu ndi mayi wa sheya imodzi aliyense amakweza dzanja limodzi posankha komiti. M'magulu ambiri a DAO si choncho: mphamvu ya voti imatengera matokeni amene munthu ali nawo, ndipo matokeniwo amagulidwa. Omanga mapulogalamu sachita izi chifukwa cha dyera lokha. Pa blockchain munthu mmodzi akhoza kutsegula maakaunti 1,000, ndiye lamulo lakuti munthu aliyense voti imodzi limavuta kulitsata. Komabe zotsatira zake n'zakuti wachuma ndi amene amalamula.

Zimene zinachitikira gulu la Beanstalk mu April 2022 zikusonyeza kuopsa kwake. Wakuba anatenga ngongole ya madola pafupifupi 1 biliyoni, ya mtundu wobweza nthawi yomweyo, n'kupezera mavoti oposa magawo awiri mwa atatu. Kenako anavomereza ganizo limene analemba yekha losamutsira thumba lonse kwa iye, n'kubweza ngongoleyo m'kanthawi komweko. Gululo linataya chuma cha madola pafupifupi 182 miliyoni. Sanathyole loko. Anangotsata malamulo monga analembedwera. Pakanakhala lamulo lakuti ganizo lodutsa lizidikira masiku angapo lisanayambe kugwira ntchito, chinyengo cha ngongolecho sichikanatheka. Choncho posankha pulogalamu, onani ngati imalola kuika nthawi yodikira yotere.

Pomaliza, funsani chimene chingachitike pulogalamuyo ikapezeka ndi cholakwika. Mu 2016, gulu lotchedwa The DAO linasonkha ndalama za ether zokwana madola pafupifupi 150 miliyoni. Mu June chaka chomwecho munthu wina anapeza mpata mu smart contract yake n'kupatutsa ether pafupifupi 3.6 miliyoni. Panalibe wapampando woti aimitse zinthu. Pofuna kubweza ndalamazo, anthu a Ethereum anasintha malamulo a kaundula yense mu July. Ena anakana, ponena kuti cholembedwa chisamasinthidwe, ndipo anapitiriza ndi kaundula wakale, amene lero amatchedwa Ethereum Classic.