Mwana Wasankhidwa ku Yunivesite: Nanga Akagona Kuti?

Dzina la mwana likatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, nthungululu zimamveka mudzi wonse, kaya ndi kwa Mabuka, kwa Chikumbu kapena kwa Nkanda. Tikatha kusangalala timayamba kuwerengera fizi, sutikesi ndi ndalama ya basi. Koma pali funso limene makolo ambiri kuno ku Mulanje timalikumbukira mochedwa: kodi mwanayu akagona kuti, ndipo akagona ndi yani?

Ambiri a ife tikuganizabe za yunivesite yakale. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, ophunzira anali ochepa, ndipo kwa zaka zambiri wosankhidwa ankapeza bedi, chakudya cha ku kafiteriya ndi kandalama ka m'thumba. Ngakhale ife amene tinachita maphunziro a uphunzitsi tinkagona m'kati mwa mpanda, belu n'kumatidzutsa. Zimenezo zinatha. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ya MUST inatsegulidwa ku Ndata, kwa anansi athu ku Thyolo, mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inaima payokha n'kukhala MUBAS, pamene sukulu za udokotala ndi unamwino zinapanga KUHeS. Ophunzira achuluka, chimene ndi chinthu chabwino, koma zipinda zogona za pa sukulu sizinachuluke mofanana. N'chifukwa chake ana ambiri amachita lendi kunja: ku Chikanda ku Zomba, ku Chitawira ndi ku Zingwangwa ku Blantyre, ku Luwinga ku Mzuzu, kwa Goliati pafupi ndi MUST.

Ngati malo a pa sukulu alipo, uphungu wathu ndi wakuti wa chaka choyamba awapemphe msanga, kalata yomuitana ikangofika. Kumeneko laibulale ili pafupi, alonda alipo, ndipo mwana amene sanakhalepo m'tauni amapeza nthawi yozolowera. Malowo akasowa, m'pamene ntchito ya makolo ndi achibale imayambira.

Kuona nyumba ndi maso

Nyumba isalipiridwe pa foni musanaione. Pali akathyali amene amatumiza zithunzi za chipinda chokongola n'kunena kuti tumizani ndalama lero chifukwa ofuna malo ndi ambiri. Ndalama ya nandolo kapena ya chinanazi ikapita, nambala ija siyankhanso. Ngakhale nyumbayo ikhale yeniyeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Apite munthu wamkulu, kaya ndi amalume, kaya ndi mwana wa m'mudzi mwathu amene ali kale pa sukulupo, akaone yekha.

Akafika ayambe ndi chimbudzi ndi madzi, osati utoto wa pakhoma. Afunse kuti chimbudzicho chimagwiritsidwa ntchito ndi anthu angati, madzi ndi a pampopi kapena a pachitsime, ndiponso akasiya kutuluka amakatunga kuti. Tisaiwale kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amakonda malo othithikana opanda ukhondo. Aonenso pamene nyumbayo yamangidwa. Ife a ku Mulanje sitifunika kuuzidwa zimene namondwe wa Freddy anachita m'mwezi wa Malichi 2023, kuno kwathu ndiponso ku Chilobwe ku Blantyre. Chipinda cha m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri chimatsika mtengo pa chifukwa chake.

Kenaka ayende wapansi kuchokera pa nyumbayo kukafika pa sukulu, akuganizira kuti mwanayo adzadutsa njira imeneyo usiku, atanyamula foni ndi laputopu. Chipinda chotchipa chimene chimafuna kabaza m'mawa ndi madzulo sichotchipa ayi. Ngati pafupi pali bala kapena malo oonetsera mpira, abwerenso dzuwa litalowa akamve phokoso lake.

Za ndalama zikambidwe poyera. Kodi lendi ndi ya pamwezi kapena ya pa semesita? Kodi nthawi ya holide amalipirabe? Mayunitsi a magetsi amagula ndani? Amaloledwa kuphikira pa hotipuleti kapena ndi pambaula pokha? Safunsa anadya phula. Zimene mwagwirizana ndi alandilodi zilembedwe pa pepala, onse awiri asayine pamaso pa mboni, ndipo ndalama iliyonse ikaperekedwa pakhale lisiti. Kupempha lisiti si mwano, ndi ufulu wa aliyense wolipira. Tidziwenso kuti ndalama za bungwe lobwereketsa ophunzira, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, ndi ngongole yodzabweza. Si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo sukulu imatha kutsegulidwa ndalamayo isanafike. Banja likonzeretu lendi ya miyezi yoyamba, pamodzi ndi ufa, nyemba ndi makaka a kumudzi.

Anzake ogona nawo ndi ocheza nawo

Chipinda chimodzi amatha kugonamo awiri, atatu kapena anayi, choncho posankha nyumba mwana wasankhanso anthu amene adzamuumba. Tsiku loyamba lomwe agwirizane za alendo, za nthawi yozimitsa wailesi, za kusonkha ndalama ya ndiwo ndi za kusesa. Zikuoneka zazing'ono, koma mikangano yambiri imayambira pa mchere ndi sopo.

Sitikunena kuti mwana adzitsekere m'chipinda ngati nkhuku yofungatira. Amene alibe mnzake amasowa womuuza kuti kalasi yasintha nthawi, amasowanso womuperekeza ku chipatala malungo akamugwira. Alowe kagulu kowerengera limodzi, asewere mpira, aimbe kwaya, apite ku SCOM, ku YCS kapena ku bungwe la ophunzira achisilamu, monga mwa chipembedzo chake. Chovuta ndi chakuti ku yunivesite kulibe belu ndiponso kulibe mphunzitsi woyenda ndi ndodo. A chaka choyamba, amene anzawo amawatchula kuti mayaro, amaitanidwa uku ndi uku, ndipo mwana wochokera ku sukulu ya CDSS amaopa kuoneka wachimidzi akakana. Mowa wa Lachisanu umafika Lolemba, ndalama ya lendi imathera kubetcha mpira pa foni. Mayeso akafika, wolephera amalembanso, kapena kubwereza chaka, kapena kuchotsedwa kumene, kumene iwo amati kuwidedwa.

Za ana aakazi tinene mosabisa. Lendi ikavuta, zidyamakanda zimadziwa, ndipo zimafika ndi galimoto n'kulonjeza kulipira chipinda. Malipiro ake ndi mimba kapena kachilombo ka HIV. Mwana wathu adziwe asananyamuke kuti akasowa ndalama, oyamba kuuzidwa ndife, ndipo sitidzamukalipira. Wina akamuvutitsa, kaya ndi mwini nyumba, mphunzitsi kapena wophunzira mnzake, akanene ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pa sukulupo, kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

M'miphakati ndi m'magulu athu a chitukuko tingathe kulemba maina a ana a m'dera lathu amene ali kale ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Ndata ndi ku Mzuzu. Pa holide tiwaitane adzakhale pansi ndi osankhidwa atsopano pamodzi ndi makolo awo, awauze mitengo ya lendi ya chaka chimenecho ndi njira zimene sayenera kudutsa usiku.