Manambala a Nyumba ndi Memori ya Kompyuta

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, tiyambe phunziro la lero ndi funso. Tiyerekeze kuti sukulu ina ya ku Ndola yalandira kompyuta yakale. Poona kuti ikuchedwa, aphunzitsi aakulu agula memori ya magigabaiti 8 ndi kuikamo. Koma poiyatsa, ikuonetsa magigabaiti osafika 4. Kodi wogulitsa uja wawabera? Iyayi, chifukwa chake ndi manambala.

Memori ndiwo malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Malowa ali ngati komboni ya tinyumba tambirimbiri, ndipo kanyumba kamodzi kamatchedwa baiti. Inu a ku Wusakile mu Kitwe ndi a ku Chifubu mu Ndola mudziwa kuti nyumba iliyonse ili ndi nambala yake. Tsono taganizani kuti chikwangwani cha pakhomo chili ndi malo a manambala atatu okha. Kuchokera pa 000 kufika pa 999 ndi nyumba 1,000 basi. Ngakhale atamanga zina, mlendo sangazipeze, pakuti zilibe nambala.

Amene amagawa tinyumba ta m'kompyuta ndi pulogalamu yotchedwa kernel. Imeneyi ili ngati kapitawo: pulogalamu ina iliyonse ikafuna malo imapempha kwa iye. Kapitawoyu sangagawe kanyumba kopanda nambala.

Kompyuta imalemba manambala ake ndi 0 ndi 1 yekha, ndipo malo a nambala imodzi amatchedwa biti. Makompyuta ambiri akale anali a mabiti 32. Mabiti amenewa amakwanira tinyumba 4,294,967,296, ndiwo magigabaiti 4. Manambala ena mwa awa amapatsidwa kwa ziwalo zina za makina, monga choonetsa zithunzi. N'chifukwa chake aphunzitsi aakulu aja sanaone ngakhale 4 yathunthu.

M'chaka cha 1995 kampani ya Intel idatulutsa Pentium Pro, imene idafikitsa mabitiwo pa 36, okwanira magigabaiti 64. Komabe kapitawo anafunika kuuzidwa. Tione chitsanzo cha kernel ya Linux, imene Linus Torvalds adaiyamba ku Finland mu 1991. Poikonza, katswiri ankatsegula gawo lotchedwa HIGHMEM ndi kusankha malire a magigabaiti 4 kapena 64. Akapanda kutero, kernel inkagwiritsa ntchito memori yosafika gigabaiti imodzi, yotsalayo n'kungokhala chabe. Vutoli lidachepa kuyambira mu 2003, pamene kampani ya AMD idatulutsa Opteron ya mabiti 64. Kernel ya mabiti 64 sifunanso kukonza kotere.

Motero, aphunzitsi, musanagule memori funsani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi makinawo angathe kulandira memori yochuluka bwanji? Chachiwiri, kodi kernel yake ndi ya mabiti 32 kapena 64? Ngati makina ndi a 64 koma kernel ndi ya 32, ikanimo ya 64. Linux imapezeka kwaulere, kotero ndalama za sukulu sizidzaonongeka.

Pomaliza, yesani izi m'kalasi. Jambulani timabokosi tiwiri pa bolodi, ndipo ana alembemo 0 kapena 1. Adzapeza njira 4: 00, 01, 10 ndi 11. Onjezani kabokosi kachitatu, adzapeza njira 8. Kabokosi kalikonse koonjezera kamachulukitsa njirazo kawiri. Tsono ana inu, werengerani: kodi timabokosi 10 tingapereke manambala ku nyumba zingati?