Njanji, tsankho ndi mafunde pa mbiri ya tawuni ya Muizenberg

Tawuni ya Muizenberg, yomwe ili m'mphepete mwa nyanja ya mchere kummwera kwa mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa, ndi yotchuka ndi masewero oyenda pamafunde munthu ataima pathabwa. Komatu chomwe chidayamba kukweza tawuniyi ndi njanji.

Njanji itafika kumeneko m'zaka za m'ma 1880, anthu achuma adayamba kumangako nyumba zopumuliramo pa tchuthi. Mmodzi mwa iwo adali Cecil Rhodes, yemwe adamwalirira m'kanyumba kake komweko mu 1902.

Mafunde a pagombeli ndi ofatsa, ndipo amasweka pang'onopang'ono pamadzi osazama, choncho ndi oyenera anthu ongophunzira kumene. Ngakhale mlembi wa ku Britain, Agatha Christie, adayesako kuyenda pamafundewa ndi thabwa mu 1922.

Koma sikuti aliyense ankaloledwa kufikapo. Lamulo la tsankho la 1953 lidapereka mphamvu zopatula malo achisangalalo potengera khungu, ndipo gombeli lidasungidwira azungu okha. Pamene lamuloli linkathetsedwa mu 1990, n'kuti tawuniyi italowa kale pansi, alendo achuma atatembenukira kwina ndipo nyumba zambiri zitayamba kuwonongeka.

Osewera pamafunde ndiwo adathandiza kuidzutsanso, ngakhale mantha a nsomba zolusa za shaki adatsala pang'ono kuwathamangitsa. Mu 2004 kudayamba ntchito ya Shark Spotters: alonda amakhala paphiri n'kumayang'ana m'madzi, ndipo akaona shaki amaliza sayirini ndi kukweza mbendera kuti anthu atuluke msanga.