Musanagule sipanala, dziwani kwawo kwa njinga yanu

Amene muli ndi njinga yamoto yakale, musathamangire kugula bokosi la masipanala chifukwa choti latchipa. Yambani mwadziwa dziko lomwe njingayo inapangidwa, poti miyeso ya manati imasiyana.

Njinga zambiri za ku Britain, monga BSA, Norton ndi Triumph, zopangidwa chisanafike chaka cha 1968 zimafuna masipanala a muyeso wa Whitworth, womwe Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841. Nambala ya pa sipanala yotere imanena kunenepa kwa bawuti, osati kukula kwa mutu wake. Mwachitsanzo, ya 1/4 W imagwira mutu wa mamilimita 13.3. Sipanala ya 13 siilowa, pomwe ya 14 imaterereka n'kudya makona a nati. Nati ikadyeka mwalowa m'mavuto, chifukwa ina ya mtundu umenewu siipezeka wamba m'misika yathu.

Za ku Japan, monga Honda CG125 ndi Yamaha DT125, sizivuta. Masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17 amagwira ntchito zambiri. Koma chenjerani ndi masikuluwu ake. Ndi a muyeso wa JIS, ndipo ambiri amakhala ndi kadontho pamutu. Amaoneka ngati a Phillips, koma sikuludiraiva ya Phillips imapulumuka n'kuwononga mutu, makamaka sikuluwu ikachita dzimbiri.

Popita kumsika, tengani nati imodzi ya njinga yanu mukayese pomwepo. Sipanala ikamagwedera, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.